Mzere wa Lachiwiri ku Barking

Barking, London
13 Julaye 2025

Okondedwa Amayi,

Landirani moni kuchokera kwa ine ndi mdzukulu wanu Tasha. Ife tadzuka, kaya inu ndi bondo lanu lija? Kondi akuti mukumatsikirabe kudimba tsiku ndi tsiku ngati mtsikana. Mukadzagwera mumtsinje musadzati Callista sananene.

Kuyambira lero ndizilemba papepala n'kujambula, Kondi azikuwerengerani pa foni yake. Zoimba foni zandikwana. M'nyumba muno tikukhalamo mabanja anayi, ndipo makoma ake ndi opyapyala ngati katoni, munthu sungalankhule za kumtima. Iwe Kondi, mlongo wanga, uwerenge zonse, usadumphe pomwe ndakunena.

Ndasangalala kumva kuti mwakolola bwino. Chimangacho musathamangire kugulitsa kwa mavenda, thirani mankhwala musunge. Nyemba gulitsaniko pang'ono, mugule malata awiri a kukhitchini kuja mvula isanayambe. Ine mwezi uno ndatumiza mapaundi 40 okha, ndipo ndikuuzani chifukwa chake.

Kuno zinthu n'zotembenuka, amayi. Kwathu njala imabwera Janyuwale, mvula ili pakati. Kuno imabwera dzuwa likuswa mtengo, anthu atavula majuzi akuseka m'mapaki. Sukulu zatsala pang'ono kutsekera, ndipo zidzatsegulira Sepitembala. Ana ambiri kuno chakudya chenicheni amadyera kusukulu masana, chaulere, ndipo amene amaima kuseri kwa mapoto kuwagawira ndine. Ndimawadziwa onse, wonyambita mbale, wobisa buledi m'thumba Lachisanu kuti adye Loweruka. Ena ndi ana a azungu enieni, amayi! Mukanaona simukanakhulupirira.

Tsono sukulu ikatseka, khitchini yathu imatsekanso, ndipo kampani imene inatilemba ntchito silipira masabata amene mapoto ali ovundikira. Tasha amadya kusukulu komweko, ine ndimatola zotsala tisanatsuke. Ndiye kuti pakamwa pawiri pakubwerera kunyumba, lendi ili pomwepo. Koma musagone ndi nkhawa. Ndikusaka maganyu okolopa m'maofesi, ndipo manja angawa mukuwadziwa.

Bambo a Tasha akadali ku Leeds kuntchito kuja. Ndi otanganidwa kwambiri.

Perekani moni kwa onse a mphakati wathu.

Ndine mwana wanu,
Callista

30 Julaye

Amayi anga,

Moni. Tili moyo, kutentha kokha. Ndamva kuti bondo laphwa, Mulungu ndi wabwino.

Ganyu ndapeza imodzi, Lolemba lokha, ku Ilford. Ena onse alanda ana a ku yunivesite amene ali pa holide. Umakwera basi, n'kufika, iwo akuti tidzakuimbirani. Foni yangayi ndaiyang'ana mpaka maso kuwawa.

Koma ndikusimbireni zimene zandichitikira dzulo, museke kapena mulire. Pafupi ndi siteshoni ya sitima pali holo ya tchalitchi komwe Lachiwiri ndi Lachisanu amagawa chakudya kwa osowa. Amati fudubanki. Anthu akufuna kwabwino amasiyako zitini za nyemba, mpunga, mkaka, mafuta, ndipo wosowa amangofola pa mzere n'kulandira jumbo lake. Chimene ndinapitira sindilemba, munandibala ndinu.

Ndinasamba, n'kuvala diresi langa la ku Misa ndi chitenje chija munandipatsa, Tasha n'kumupesa bwinobwino. Munthu sapita kwa eni ali mbuu. Titafika tinapeza mzere wautali panja, aliyense wazyolika. Ine mumtima ndinati, ndingaime bwanji pakhomo pa anthu ndisanapereke moni kwa eni ake? Ndinazungulira ku khomo lakumbuyo, n'kugogoda, pakamwa n'kutuluka “odi” mwa chizolowezi.

“Odini!”

Mayo ine! M'kati mwa London!

Anali mayi wachikulire, ndodo kumanja, mawu ngati wailesi. Onse amawatchula kuti Anti Lois, ndipo ndiwo amayang'anira malowo. Anabwera kuno ndi malemu amuna awo pothawa ndale nthawi ya chipani chimodzi, ana awo onse anabadwira konkuno. Anandigwira chitenje n'kuti, “Kwanu n'kuti, mwanawe?” Ndinati ku Ntcheu, ku Nsipe. “Mwana wa yani?” Nditatchula bambo, ndodo inagwa pansi. Akuti aphunzitsi a Kathumba ndi amene anaphunzitsa ana a mng'ono wawo, a Charity aja a golosale pa Kampepuza. Eee, omwewo. Amaimbirana foni sabata iliyonse.

Ndisanapume n'komwe anandikokera m'kati, n'kulengeza kwa azungu ndi onse kuti mwana wa mphunzitsi wa kwawo wabwera kudzathandiza. Onse m'manja phwaphwaphwa. Mtsikana wina wachizungu, dzina lake Stacey, anabwera n'kundiveka epuloni yobiriwira. Amayi, mukanakhala inu mukanatani? Ndinangoti zikomo, n'kuyamba kulongedza zitini m'majumbo a anthu ena.

Tinabwerera chimanjamanja. Chabwino chake n'chakuti m'holomo muli ngodya ya ana, amawapatsa buledi wowotcha ndi juwisi, ndipo Tasha anadya. Manyazi anapha lambe, ndikudziwa, musavutike kundiuza.

Kondi, izi si zokasimba pa bawo.

Callista wanu

8 Ogasiti

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira mwadzuka bwino pamodzi ndi onse kumeneko. Ife tilipo. Tasha anali ndi kachimfine koma katha.

Mwafunsa za bambo a Tasha. Ndilibe chatsopano. Abale awo akabweranso kudzafunsa za thandizo, muwauze awaimbire okha, nambala ali nayo.

Ku fudubanki ndikupitabe, Lachiwiri ndi Lachisanu. Nanga ndisiye bwanji? Masiku awiri amenewo ndi amene ndimadziwa kuti mwana wadya buledi wopaka majarini mpaka kukhuta. Ntchito yake si yovuta kwa munthu wa kukhitchini. Ndawakonzera mashelefu, zitini za nsomba kwake, za tomato kwake, moti Anti Lois akungondiyamikira kwa aliyense wolowa. Kuyamikira kwawoko kukundimanga ngati chingwe.

Tamvani izi. Lachiwiri tikutseka, Stacey akupukuta tebulo anandifunsa, “Callista, kunyumba zili bwino? Ukufuna jumbo?” Ndinati ayi, zikomo, tili bwino. Nanga munthu woleredwa amavomera koyamba? Ndinaima pompo kudikira kuti anenenso, andikakamize, kapena angoika jumbolo pafupi ndi chikwama changa monga timachitira anthu. Iye anangoti chabwino, n'kuzimitsa magetsi. Basi! Nkhani yatha! Kuno ayi ndi ayi, amayi. Inu mlendo munamufunsapo kuti kodi mudya? Amangoona madzi osamba m'manja afika pamaso pake. Ndinapsa mtima njira yonse yobwerera, osadziwa kuti ndikupsera mtima ndani.

Ndipo si ine ndekha. Pali bambo wina wa ku Nigeria, wa taye ndi nsapato zopolisha, amadutsa pakhomo paja kawiri katatu ngati akudikira basi, pomwe palibe basi imaima pamenepo. Ndinamuzindikira msanga, afiti amadziwana. Lero ndinatuluka ndi jumbo n'kumupatsa m'manja osafunsa kanthu. Anayang'ana kumbali, n'kuti Mulungu akudalitse mlongo, n'kumapita mothamanga. Nditalowa Anti Lois anandikalipira kuti pano pali malamulo, aliyense ayambe walembetsa patebulo. Ndinapepesa, koma mumtima ndinati zaka zonsezi kuno zawasandutsa mzungu.

M'mbali mwa mpanda wa siteshoni mwamera mwamunaligone, yemweyo wa kwathu, wa timaluwa toyera. Anthu kuno amangomuponda. Ndathyolako, ndipo dzina lake landiseketsa ndekha pamsewu ngati wamisala. Kodi popanda tomato ndi nsinjiro mumamuphika bwanji kuti mwana asakane? Ndingofuna kudziwa.

Masiku ano sindikukhazikika. Ndimasesa chipinda chosesa kale, kutsegula kabati, kutseka, kutsegulanso ngati mwalowa china. Ndikatopa ndimamutenga Tasha kupita ku laibulale, poti kumeneko kukhala n'kwaulere.

Mbuzi yaikazi ija musagulitse, ngakhale Kondi alire bwanji za njinga.

Mwana wanu,
Callista

17 Ogasiti

Amayi,

Moni wa Lamulungu. Tadzuka. Zikomo chifukwa cha malangizo a ndiwo aja, ndinayesa, anadyako pang'ono.

Mashelefu a ku fudubanki ayamba kuonetsa matabwa. Opereka apita ku holide kunyanja, olandira achuluka poti ana onse ali pakhomo. Lachisanu mkaka unatha mzere usanafike pakati, ndipo mayi wina wa ana atatu anangokhala pansi pakhomo n'kuyamba kulira. Anti Lois anamenya ndodo pansi, akuti sitingangoyang'ana.

Ndiye dzulo kunali mkumano wa Amalawi ku paki ya ku Greenwich, kuwotcha nyama, nyimbo za kwathu, ana akuthamangitsana. Anti Lois anatumiza uthenga kuti aliyense abwere ndi kachakudya koponya m'dengu la fudubanki, ndipo anasankha ine kuti ndilankhule, poti ana a sukulu ndimawadziwa. Ndinalankhula, amayi, ngati bambo pa bolodi. Ndinawauza za ana obisa buledi m'thumba. Ndinati kupatsa n'kuika, lero ndi mwana wa mnzako, mawa sudziwa. Manesi, madokotala, a m'maofesi, onse anatsegula zikwama. Dengu linasefukira, ena mpaka analonjeza kuti azipereka mwezi ndi mwezi. Pamenepo ndinasangalala ndithu, sindinama.

Nanga wolankhulayo n'kufika manja lendelende? Ndinali nditanyamula paketi ya mpunga imene inatsala m'kabati, n'kuiponya m'dengu anthu onse akuona. Ndikulemba pano ndikudzitukwana.

Koma chimene chandisowetsa mtendere si mpunga. Tasha ataona nyama ndi tchipisi sanathe kudzigwira. Mbale yoyamba, yachiwiri, kenako ndinamuona akukulunga ntchafu ya nkhuku mu tishu n'kuika m'thumba la diresi. Mayi wina wa magalasi akuda anaseka mokweza, “Koma mwanayu amadya! Kwanu simuphika?” Nanenso ndinaseka, koma kunsi kwa tebulo ndinamutsina Tasha pamwendo. Sanalire. Anangondiyang'ana, n'kuika foloko pansi.

Ine nkuti ndisanalawe kanthu. Aliyense amafuna kundigwira chanza, ndipo wondilozera kumapoto ndinkamuyankha kuti ndadya kale. Tili mu sitima pobwerera, Tasha anatulutsa nkhuku ija, mafuta atadontha pa diresi, n'kundipatsa. Akuti anasungira ine chifukwa sanandione ndikudya.

Ndinatsina mwana chifukwa cha njala yake, amayi. Inu simunandichitepo zotere, ngakhale chaka chija tinkadya gaga.

Mundipempherere. Kondi, pamenepa uwerenge pang'onopang'ono.

Callista

22 Ogasiti

Amayi,

Moni. Tilipo.

Kondi wandiuza kuti a Charity anaimirira kutchalitchi Misa itatha, n'kulengeza kuti mwana wa aphunzitsi a Kathumba akudyetsa amphawi ku London. Akuti anthu anabwera kudzakugwirani chanza, ndipo inu munaimba nthungululu. Mukanataninso? Makalata angawa mukuwamva, koma pagulu munayenera kusangalala. Pepani kuti ndakusenzetsani zimenezi.

Lero ndinapita nditatsimikiza mtima kuti ndinena. Mawu ndinawakonza njira yonse. Nditawayandikira Anti Lois ndinapeza ali pa foni ndi a Charity omwewo, ndipo anandipatsira foniyo kuti ndipereke moni. Ndinapereka moni. Ndinafunsa za ana, za malonda. Kenako ndinavala epuloni.

Ganyu ya ku Ilford yatha, mwini ntchito wabwerako ku holide. Lendi ndalipira, denga lilipo. Zina zonse musafunse.

Tasha ndamuyesa siketi ya yunifolomu, ikutsika yokha. Masana amangogona, zosewera wasiya, ndipo kuchokera tsiku la ku Greenwich sandilankhula kwambiri. Dzulo anandifunsa m'Chizungu chakecho chifukwa chimene timagawira ena ife osatenga. Ndinati ife si opemphapempha. Iye anati, nanga ndife ndani? Ndinamuuza kuti atseke pakamwa.

Sepitembala akuchedwa, amayi. Ndikulephera kukhala pansi, ndalemba kalatayi chiimirire.

Callista

27 Ogasiti

Okondedwa Amayi,

Moni wochokera pansi pa mtima. Ndikhulupirira bondo likukulolani kuyenda. Ife tadzuka bwino, ndipo lero ndikunena zoona. Kondi, iyi uwerenge muli awiri, utseke chitseko.

Dzulo, Lachiwiri, mayi amene amalemba maina patebulo lakutsogolo sanabwere, ndiye anakhazikapo ine. Ntchito yake n'kufunsa dzina la munthu ndi kuchuluka kwa anthu pakhomo pake, kuti alandire jumbo lomuyenera. Anti Lois anaima pambali panga kupereka majumbowo. Tasha ndinamusiya ku ngodya ya ana monga mwa nthawi zonse. Mzere unali wautali mpaka kukhota pamsewu, dzuwa lili phwee, ine mutu uli pansi kulemba. Wina akachoka ndinkangoti wotsatira, wotsatira.

Kenako ndinaona nsapato zimene ndikuzidziwa. Ndinadzutsa mutu. Tasha.

Anali atatulukira khomo lakumbuyo, n'kukaima kumapeto kwa mzere pakati pa akuluakulu, padzuwa, mpaka nthawi yake kukwana. Thukuta lili kamukamu, milomo itauma. Sanayang'ane ine. Anayang'ana Anti Lois, ndipo mwana amene Chichewa amangomva osayankha uja anatsegula pakamwa n'kuti, “Agogo, tikufuna chakudya. Mami ali ndi manyazi.”

Amayi, ndinalakalaka nthaka itang'ambika. Stacey sanamve mawuwo, koma anaona mwana pa mzere. Anabwera n'kugwada pamaso pake, n'kumuuza mwaulemu kuti mwana salandira yekha, pafunika wamkulu. Anamufunsa, “Wabwera ndi wamkulu?” Apo ndi pamene Tasha anatembenukira kwa ine. Sanaloze. Anangodikira.

Amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ine ndinamva m'mimba mwezi wathunthu, n'kusiya mwana wa zaka zisanu ndi zitatu kuti akatsekule. Ndinaimirira. Mfundo ya epuloni inakana kumasuka, ndiye ndinangoivulira kumutu, duku n'kugwa. Ndinazungulira tebulo n'kukaima pambali pa mwana wanga, n'kumugwira dzanja. Anthu amene ndakhala ndikuwagawira masabata onsewa anali kumbuyo kwanga akuona. Palibe anaseka. Mayi wa ana atatu uja anatola duku langa n'kundipatsa.

Anti Lois anakhala pa mpando wanga, n'kutenga cholembera. Mawu awo ngati wailesi aja anali atazima. Anafunsa motsitsa mawu, “Dzina, mayi?”

Ndinatchula lonse, ndi la bambo lomwe.

“Muli angati pakhomo?”

Chiyambire ndakhala ndikuuza aliyense kuti tili atatu. Ndinati, “Awiri.”

Anadzutsa maso n'kundiyang'ana. Ndinabwereza, “Awiri.” Analemba osafunsanso. Ndiye mumve kwa ine, amayi. Bambo a Tasha anachoka mu Malichi, ndipo ku Leeds kuja ali ndi khomo lina. Zotsalazo tidzakamba pamaso.

Jumbo analongedza okha Anti Lois, mpunga, mafuta, nsomba za m'zitini, mkaka, mazira. Popereka anagwira ndi manja awiri, misozi ili m'masaya, n'kuti, “Mwanawe, wandichititsa manyazi ndi ukalamba wanga. Munthu amabwera kudzadandaula, ine n'kumupatsa ntchito.” Ndinati olakwa ndine, pakamwa ndinali napo. Anati tonse ndife zitsiru, tenga katundu uzipita ukaphikire mwana.

Sindinawapemphe kuti abise. Akafuna kuuza a Charity awauze. Anthu aja anakugwirani chanza akabwera kudzafunsa, musazyolike chifukwa cha ine. Muwauze kuti mwana wanu amagawa, amalandiranso, ndipo Lachisanu abwereranso. Ndiyamba ndafola pa mzere, ndikalandira ndivala epuloni, poti mashelefu aja safuna manyazi a munthu, afuna manja.

Ndalama mwezi uno sinditumiza, ndipo ya feteleza muiyembekeze Okutobala. Musakongole kwa munthu m'dzina langa. Malata aja ngati sanagulidwe, adikire.

Titafika kunyumba ndinaphika mpunga ndi nsomba, ndi mazira pamwamba. Tasha atamaliza mbale yoyamba anayang'ana poto, kenako anayang'ana ine, kuopa kupempha. Zimenezo zandipweteka kuposa mzere uja. Ndinamukokera potoyo pafupi, n'kumupepesa, ndipo tinadya tonse mpaka kukokota.

Mdzukulu wanu wadya, amayi. Wadya dzulo, wadya m'mawa, wadyanso masana ano. Pano ali panja akudumpha chingwe ndi ana a chipinda choyandikana, ndipo phokoso lake likundisokoneza kulemba.

Ndine mwana wanu,
Callista